Chitsulo cha kudambo chaimitsa njerwa za sikelo

Wapampando: Abale a kwathu ku Salima, kuumba njerwa za sikelo ya ana kwaima. Dzulo khasu la anyamata linagunda chitsulo chadzimbiri, kutalika ngati mkono wa mwana, kumchira kuli timapiko. Amfumu atchinga ndi minga, kupolisi tanena kale. Tsono tisamutsire ntchito kumtunda, komwe madzi afunika ngolo, kapena chikachotsedwa tipitirize pomwepo?

Nabanda wa ku Joni: Mvula ili pakhomo inu. Njerwa zikasungunuka mudzatiuzanso kuti tisonkhe. Chitsulo chowola chotero chingaphulike? Wina akachiponye m'nyanja basi.

Malume opuma upolisi: Mwana wanga, m'nyanjamo makoka a asodzi adzachikokera kugombe. Timapikoto n'ta bomba la mortar. Dzimbiri limadya kunja kokha, wonga uli m'katimo, ndipo kachipangizo koyatsira kakakalamba sikachedwa kupsa mtima. Aliyense asachikhudze, ngakhale ndi ndodo.

Mlembi: Bwanji osangoitana asilikali? Sukulu ya asilikali ya MAFCO ili pompano, a ku Senga Bay nawonso.

Malume opuma upolisi: Khomo ndi polisi, iwo ndiwo amadziwa woitana. Ine sindinali wa mabomba, koma ndinagwirapo chingwe chotchingira anthu akatswiriwo akugwira ntchito. Amayamba n'kuthamangitsa aliyense, ife apolisi omwe. Pachinthupo amapita munthu mmodzi yekha, kuti zikavuta maliro asachuluke. Chovala chake chimapitirira makilogalamu 30, chisoti chili ndi kafani m'kati kuti galasi lisachite nthunzi. Taganizani ndi dzuwa la kuno la Okutobala! Amene ndinamuonayo povula anali ngati wavuuka m'nyanja. Koma zala zinali pamtunda, akuti chala chovala sichimva.

Nabanda wa ku Joni: Kuno pa TV timaona amatumiza loboti.

Malume opuma upolisi: Loboti ndi ekisileyi yonyamula zimathandiza kwambiri pa chikwama chokayikitsa chosiyidwa m'tauni. Amachiunika, kenaka n'kuchiwombera ndi madzi amphamvu kuti mawaya amwazike chisanayake. Lakale lokwiririka ngati lathuli kawirikawiri salinyamula. Amaunjika matumba a mchenga, kuika wonga wawo pambali pake, kukoka waya mpaka kutali, n'kuliphulitsira pomwepo. Maphunziro awo ambiri n'kuloweza mitundu ya mabomba ndi zoyatsira zake, kuyesezera pa opanda wonga mpaka manja azolowere. Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'choti pamene papezeka limodzi pamatha kukhala anzake. Tiwapemphe ayendetse makina ofufuzira zitsulo dambo lonse tisanabwerereko.

Aphunzitsi: Ku Mozambique nkhondo inatha 1992, koma dzikolo linalengeza kuti lathana ndi mabomba okwirira mu 2015. Anathandizako ndi makoswe akuluakulu onunkhiza mabomba a bungwe la APOPO, ophunzitsidwa ku Morogoro ku Tanzania, chifukwa ndi opepuka, bomba siliphulika akaliponda.

Mlembi: Makoswe ndiye m'nkhokwe mwanga ndili nawo, ndipereke angati? 😂

Aphunzitsi: Anu aja amangodziwa chimanga. Koma kodi chinabwera bwanji kudambo? Kapena nthawi ya Operation Bwezani mu 1993, asilikali akulanda zida a Payoniya (Malawi Young Pioneers), iwo akuthawa?

Wapampando: Zongoganiza tisiye aphunzitsi, tingayambanitse anthu. Akatswiri akachiona anena okha.

Msungichuma: Ine ndili mbali ya malume. Ngolo ya sabata ziwiri thumba likwanitsa, bola simenti tiyambe tadikira. Chinanso, ana athu amatola zitsulo kukagulitsa pa sikelo ya ogula zakutha. Chimenechi akanayamba kuchiona ndi iwo, bwenzi pano chili m'thumba pa kabaza. Akatswiriwo akabwera tiwapemphe alankhule ndi ana kusukulu, awaonetse zithunzi.

Nabanda wa ku Joni: Chabwino, koma kumtunda dothi lake ndi lamchenga. Njerwa zikamanyenyeka musadzati sindinanene. Ndipo malisiti a ngolo tiwaone pano.

Wapampando: Muwaona. Mavoti mpaka 6 koloko madzulo. Pakadali pano wina aimbire amfumu, ndamva kuti mbuzi zayamba kudya minga ija, ndipo mnyamata wina dzulo anachigogoda ndi khasu kuti amve ngati ndi kopa.

Malume opuma upolisi: Mnyamata wa ndani? Mundipatse ndilankhule naye.