"Make mbuu, mwana mbuu": chipongwe kapena chisoni?

Wolemba usiku:
Abale ndithandizeni. Ndikulemba kankhani kopeka ka mayi wa ku Ndirande amene akulera yekha mnyamata, bambo ake anamwalira. Mnyamatayo wagwidwa ataba foni, ndiye amayi a pampopi akunong'onezana kuti "make mbuu, mwana mbuu". Nditawawerengera azakhali anga, anandidula: "Iwe, mwambi umenewo sanenera namfedwa." Kuwafunsa chifukwa, anangopitiriza kusankha nyemba. Ine ndimadziwa kuti mwana amatengera make. Nanga mbuu ameneyu n'chiyani?

Wa ku Linthipe:
Agogo anga ankaunena akamasefa ufa. Iwo nkhope yonse mbuu, mng'ono wanga ali kumsana nayenso mbuu mpaka m'nsidze. Ankaunena akuseka. Sindinamvepo ukali m'menemo ayi.

Gogo wa ku Mchinji:
Ana inu, azakhali anuwo akudziwa. Mbuu ndi wa maliro. Kale mkazi akaferedwa ankagona pamphasa, osadzola mafuta, mpaka tsiku lometa. Amayi anga ndinawaona choncho bambo atatisiya, khungu lotuwa ngati phulusa, ifenso ana tili mbuu chifukwa wotisambitsa panalibe. Anthu akatiyang'ana ankapukusa mutu n'kunena mawu amenewa. Ndi mwambi wachifundo umenewu.

Mphunzitsi wopuma:
Agogo, pepani, koma ine ndaphunzitsa Chichewa kupulayimale mpaka tsitsi kuyera. Tanthauzo lake ndi lakuti khalidwe la mwana limaonetsa la kholo. Mayi wosasamba, mwananso wosasamba. Za maliro ndazimva lero.

Gogo wa ku Mchinji:
Aphunzitsi, mwambi unayamba buku lanu lisanalembedwe. Ine ndikunena zomwe ndinaona ndi maso.

Mayi wa atatu:
Kaya unayamba bwanji, ine unandilasa ngati mkondo. Amuna anga atamwalira, achibale awo anabwera ndi lole, ananyamula mipando, wailesi, ngakhale mapoto. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa zimenezi, koma uli m'siwa ukulira, ungapite kukhoti? Chaka chotsatira mwana wanga wamkazi anatenga mimba ali folomu 2. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene anandipatsa chipepeso ndi manja ake, ndi yemwe anati make mbuu, mwana mbuu. Ndinamva ndili kuseri kwa mpanda. Wolemba, musachotse mawuwo m'nkhani yanu. Anthu amanenadi, ndipo amanenera ife amene tilibe wotiyankhira. Koma ndifunse: bwanji palibe "tate mbuu"? Mnyamata amene anapereka mimbayo bambo ake alipo, amoyo, palibe anawatchula.

Wa ku Linthipe:
Kwathu mwana ndi wa mbumba ya make. Bambo ndi mkamwini, wobwera. Mwana akalakwa ankapita kwa malume ake, eni mbumba. Lero amalume ali ku Joni, mlandu wonse watsala pamutu pa mayi.

Gogo wa ku Mchinji:
Mwamva zimene anena mayiwa? Analandidwa zonse, anatsala mbuu, ana mbuu. Si zomwe ndikunena zija? Amene anawanenawo anaupotoza.

Mphunzitsi wopuma:
Sanaupotoze, anaunena monga amaunenera aliyense. Kuti ndi wowawa sizikutanthauza kuti ndi wolakwika.

Kamnyamata ka pa Biwi:
Ine ndimayesa mbuu ndi kulira kwa ng'ombe 😂 masteni anga amangoti "watengera abambo ako" basi.

Mphunzitsi wopuma:
Taonani. "Masteni". Mayi amene anakunyamula miyezi 9 wasanduka masteni, bambo madala. Ana a masiku ano moni wawo ndi "bho". Ukawauza mwambi amakufunsa ngati uli pa TikTok.

Gogo wa ku Mchinji:
Pamenepo ndiye tagwirizana aphunzitsi. Mdzukulu wanga anafika pamaliro a malume ake n'kundiuza kuti "sore agogo". Sore, ngati wandiponda chala. Kukhuza maliro sakudziwa. Akadziwa bwanji kuti mbuu ndi wa namfedwa?

Wolemba usiku:
Ndawawerengera azakhali zonsezi. Ati Agogo a ku Mchinji ayandikira koma sanafike, n'kupita kukateleka nyemba zija. Ndiye amayi a pampopi aja anene kapena asanene?

Gogo wa ku Mchinji:
Ndayandikira bwanji? Afunseni ngati amayi awo anametedwapo.