Kodi dziwe lalifupi limafulumizitsa bwanji wosambira?

Wa ku Ngabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mphwanga anandionetsa pa foni kanema wa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa kusambira umene unachitikira ku Budapest mu Disembala 2024, pomwe Jordan Crooks wa ku Cayman Islands anasambira mamita 50 m'masekondi 19.90. Chimene chandizunguza n'chakuti César Cielo wa ku Brazil, katswiri amene anagwedeza dziko mu 2009, anatenga masekondi 20.91 pa mtunda womwewo m'dziwe la mamita 50. Mphwangayo akuti Crooks anafulumira chifukwa anasambira m'dziwe la mamita 25. Ine ndinakulira m'mbali mwa Shire, ndipo ndikudziwa kuti ngakhale bwato likamakhota limataya liwiro. Nanga munthu wotembenuka pakati pa ulendo angafike bwanji msanga kuposa wopita molunjika?

Mphunzitsi wa ku Nchalo:
Bambo, mphwanu wanena zoona, ndipo nkhani yonse yagona pa khoma. Bwato likamakhota pa Shire lilibe poti lidzikankhire, pamene wosambira akafika kumapeto kwa dziwe amapidiguka mutu pansi, n'kuponda khoma ndi mapazi onse awiri, kenako amadzikankha mwamphamvu ngati munthu wodumpha kuchokera pa chulu. Akachoka pakhomapo amayenda pansi pa madzi, manja atawatambasula kutsogolo, miyendo ataiphatikiza n'kumaikupiza ngati mchira wa nsomba, ndipo pa nthawi imeneyi liwiro lake limaposa la munthu amene akupalasa pamwamba. Malamulo amalola kukhala pansi pa madzi mpaka mamita 15 kuchokera pakhoma, kotero kuti m'dziwe la mamita 25 katswiri angathe kutha gawo lalikulu la ulendo mutu usanaonekere. Pa mpikisano wa mamita 1,500 amatembenuka maulendo 59, pomwe m'dziwe la mamita 50, lomwe amagwiritsa ntchito pa Olympics, amatembenuka maulendo 29 okha. N'chifukwa chake bungwe la World Aquatics, loyang'anira masewera osambira pa dziko lonse lapansi, limasunga padera nthawi zopambana za maiwe awiriwa.

Wa ku Bangula:
Aphunzitsi alongosola bwino. Ndingowonjezera kuti Crooks anali mwamuna woyamba kusambira mtundawu m'masekondi osakwana 20, ndipo anachita zimenezi m'semifainolo. M'fainolo anapambanadi, koma sanafikenso pa 19.90. Dziko lake lili ndi anthu osakwana 100,000, ochepa kwambiri poyerekeza ndi boma la Nsanje lokha. Kuno ku Africa tili ndi Chad le Clos wa ku South Africa, amene anapambana pa mamita 100 ndi 200 a butterfly (kusambira koponya manja onse awiri kutsogolo nthawi imodzi) ku Melbourne mu 2022. Mipikisano ya dziwe lalifupi imeneyi inayamba mu 1993 ku Palma de Mallorca, m'dziko la Spain.

Wa ku Ngabu:
Zikomo kwambiri nonse, tsopano ndamvetsa. Anyamata a kwathu amasambira mwamphamvu ndithu, chifukwa anaphunzira akulimbana ndi mkokomo wa madzi, diso lili tcheru kuopa ng'ona, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondapo khoma la dziwe. Mphwangayo dzulo anayesa kupidiguka m'ngalande ya mthirira, anadzikankha pa gombe la matope, phazi linamira, ndipo anatuluka madzi atamulowa m'mphuno. Kodi alipo amene akudziwa dziwe la mamita 25 ku Blantyre limene limalola ana ochokera kuno kuchigwa kukaphunzirako nthawi ya tchuthi?