Kodi ndi khalidwe lake chabe kapena ndi borderline?

WakuUlongwe:
Abale ndithandizeni nzeru. Mlongo wanga kuyambira kale ndi wa mtima wapachala, lero akukukonda kwambiri mawa wakukwiyira osakuyankhula nkomwe, chibwenzi chake chikangochedwa kuyankha pa WhatsApp basi wayamba kulira kuti amusiya. Kunyumba amangoti watengera azakhali. Koma tsopano ndaona zipsera pamkono, akumadzicheka ndi lezala. Mnzanga wina watchula za matenda a maganizo otchedwa borderline. Khalidwe wamba ndi matendawa zimasiyana pati?

Nesi_Moatize:
Achimwene pepani. Akatswiri a za maganizo, monga Costa ndi McCrae, amagawa khalidwe la munthu m'mbali 5, ndipo tonsefe tili nazo, kungoti wina zambiri wina pang'ono. Mbali imene imayenderana kwambiri ndi borderline ndi neuroticism, uja mtima wosachedwa kuda nkhawa, kupsa ndi kukhumudwa. Kwa odwalawa imakhala pamwamba zedi, kenako kudzigwira kumachepa, kukhulupirira anthu nakonso kumavuta. Koma kupsa mtima pakokha si matenda ayi, bwenzi theka la pamsika wa Kwachena tili odwala kkkk. Zimakhala matenda zikakhalitsa zaka n'kumamuonongera ukwati, ntchito, ngakhale thupi lake. Buku la madokotala la DSM-5, la 2013, lili ndi zizindikiro 9 za borderline ndipo munthu akhale nazo zosachepera 5, muli kuopa kusiyidwa, kudzivulaza, kudzimva wopanda kanthu mkati, kusadziwa bwinobwino kuti iye ndi ndani. Zodzichekazo musazichedwetse, pitani naye ku chipatala mukafunse técnico de psiquiatria, wachipatala woona za matenda a maganizo.

MayiWaDomwe:
Ine ndikuona ngati ana a masiku ano timangowalekelera. Mupite naye kwa abusa, alangizidwe ndi akuluakulu.

Nesi_Moatize:
Amayi, kupemphera sikolakwika, koma malango aukali aja oti "usiye zachibwana" ndiwo amaonjezera moto. Munthu amabadwa ndi mtima wosachedwa kupweteka, ndiye akakulira pomwe akamalira amangomukalipira, kapena anachitidwapo nkhanza ali mwana, mpamene zimakula. Marsha Linehan, amene anayambitsa ku America chithandizo cha DBT chophunzitsa odwalawa kudzigwira mtima, ankafotokoza choncho, ndipo mu 2011 anaulula kuti iyenso anavutikapo nazo ali mtsikana. Ambiri amapeza bwino akamakula.

WakuUlongwe:
Zikomo achemwali. Vuto ndi loti ndikangotchula chipatala aganiza kuti ndikumuti wamisala. Ndiyambe bwanji?

Nesi_Moatize:
Dzina la matenda musalitchule, si inu dokotala. Muuzeni kuti mwaona pamkonopo ndipo mukufuna kumuperekeza. Mumufunsenso mosabisa ngati amaganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akati eya, musadikire mawa.