Chikumbutso cha Mayi Nesi: Timange Chiyani?

aPhiri, wapampando (Lilongwe): Abale nonse a m'gulu lino, ndakupatsani moni. Patha miyezi itatu chiwaikireni m'manda Mayi athu aNesi. Pa ndalama zomwe tinasonkha pa Mpamba ndi pa Airtel Money, titagula bokosi, chimanga ndi nkhuni zapamaliro, amsungichuma akuti patsala K2,300,000. Ena mwakhala mukundiimbira kumbali kuti timange chiliza, ena mukuti ayi. Tiyeni tikambirane pano poyera, aliyense amve.

aNgozo (Johannesburg): Zikomo awapampando. Ine ndikuti chiliza, chooneka bwino, cha mwala weniweni. Ndinabadwira m'manja mwawo mu 1984, pakati pa usiku, mvula ikugwa. Mayi anga ankanena kuti nyali itazima, aNesi analuma tochi ndi mano kuti manja onse awiri agwire ntchito. Munthu wotere manda ake akhale mulu wa dothi wongozika mtanda wa thabwa? Chiswe chidya mtandawo chaka chisanathe.

NaBanda (Zomba): Achimwene aNgozo, mawu anu ndawamva ndipo andikhudza. Koma ndikupempheni, mukadzabwera pa Khirisimasi mudzapite kuchipatala chathu madzulo dzuwa likulowa. Mudzapeza amayi apakati a miyezi isanu ndi inayi atayala zitenje pakhonde, ena pansi pa mtengo wa mango kuseri. Owadikirira akuphika pa mafuwa, utsi uli m'maso, mvula ikabwera moto wazima, nsima yapsa theka. Nkhani imeneyi ndi imene aNesi anamwalira akuidandaula.

Mukumbukire kuti mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa amayi m'midzi. Mafumu ambiri anaika chindapusa, wina nkhuku, wina mbuzi, kwa mayi wochirira pakhomo. Ine ndinalipo pabwalo tsiku lomwe aNesi anaimirira pamaso pa aGulupu, atavala yunifolomu yawo yoyera ija, nkufunsa kuti mayi wa kuphiri kuja, woyenda maola atatu wapansi, mukamulipiritsa mbuzi mwamukonzera pogona pati? Bwalo lonse linangoti zii. Mu 2012 a Joyce Banda atayambitsa ntchito ya uchembere wabwino, madera ena anamangiridwa nyumba za chidikiro, ife sitinafikiridwe. Ine ndikuti timange chidikiro, dzina lawo lilembedwe pakhomo.

aMbewe achichepere (Mzuzu): Azakhali NaBanda, maganizowo ndi abwino koma ndalamayi siikwana. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti ndi malata zinakwera moti simungayerekeze ndi kale. Ndiponso kuyambira 2018 nyumba za boma saloledwa kumangira njerwa zootcha, ndiye kuti tigule mabuloko a simenti. Tingathere pa maziko pokha basi. Bwanji tilipirire sukulu atsikana awiri kapena atatu a ku sekondale? Nthawi yomwe Inkosi Kachindamoto ankathetsa maukwati a ana kwathu ku Dedza, aNesi ndi amene ankayenda khomo ndi khomo m'mudzi mwathu kubweza atsikana kusukulu. Mlongo wanga anali mmodzi mwa iwo, anali ndi zaka 15. Lamulo loti ukwati uziyambira zaka 18 litabwera mu 2015, aNesi analiwerenga m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza.

aChisale, msungichuma: Fizi ndi ya teremu iliyonse, mwana wanga. Zaka zinayi zikatha ndalama yatha, tiyambanso kusonkha?

aMbewe achichepere: Chidikiro nachonso chifuna kukonzedwa, bambo. Denga likadontha akonze ndani?

Amalume aMwale (kumudzi): Ndiloleni nane, ndikulemberedwa ndi mdzukulu wanga chifukwa maso sakuona bwino pafoni. Ambiri a inu mukudziwa kuti ine ndimamwa mankhwala otalikitsa moyo, sindibisa. Mu 2003 ndinagona pamphasa miyezi inayi. Abale anga ankandiikira chakudya pakhomo, mbale yanga inali yakeyake. ANesi ankabwera akaweruka, njinga yawo yakapalasa aitsamiritsa pankhokwe, nkukhala pamphasa yanga yomweyo. Ankandisambitsa zilonda ndi madzi ofunda a mchere, kenako nkudya nane mbale imodzi dala, ana akuona. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 ndi iwo anandikweza pa matola mpaka ku boma kukalembetsa. Lero ndili ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Za chomanga sindidziwa, inu ophunzira mugwirizane. Koma chilichonse mumange, ine mchenga ndituta ndi ngolo yanga, osalipira.

aNgozo: Amalume mwandiliza.

NaPhiri, mwana wa malemu (Blantyre): Makolo anga nonse, ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira m'mawa. Zikomo chifukwa cha chikondi chomwe mwawaonetsa amayi. Za chiliza musade nkhawa achimwene aNgozo, ife ana tagwirizana kale ndi amalume athu kuti timanga tokha mvula ikatha, ndipo tidzakuitanani.

Ndikuuzeni zomwe ena simukudziwa. Ife tikukula, chipinda chathu cha ana sichinali chathu. Ukabwera kusukulu umapeza mayi wachilendo wapakati atagona pabedi pako, iwe nkukagona pabalaza. Nthawi zina anali atatu. Tinkanyinyirika, amayi nkutiuza kuti mayiyu akabwerera kwawo matenda nkumuyamba usiku, ambulansi kuti ichoke ku boma, itsike Khwekhwelere, imupeze, mwina kwacha. Sabata yatha ndikulongedza katundu wawo ndinapeza kope lachikuto chofiira m'sutukesi. Munali mayina a amayi onse amene anagona kwathu, mudzi wawo, tsiku lochira, mwana wamwamuna kapena wamkazi. Tsamba lomaliza anajambula nyumba ndi bolopeni: zipinda ziwiri, khitchini, bafa ndi chimbudzi, nkulemba miyeso ya mapazi m'mbali. Nditumiza chithunzi chake pompano.

AMbewe, za atsikana sindikuzitaya, amayi ankazikonda kwambiri. Koma ngati mukundifunsa ine, tiyambe ndi khitchini ndi bafa, zomwe ndalama ilipoyi ingakwanitse. Zipinda zidzabwere pambuyo.

aNgozo: Achemwali, ngati chiliza mwachitenga inu, ine ndilibenso mawu. Ndiwonjezera malata a khitchiniyo. Anzanga a kuno ndiwauza Lamlungu.

aMbewe achichepere: Ndavomera, koma nkhani ya fizi ilembedwe mu maminitsi kuti tidzaikambe pamsonkhano wa December. Ndiponso wandale asadzabwere kudzadula riboni ngati wamanga ndi iye.

aChisale, msungichuma: Pamenepo tisamale. Malowo ndi a chipatala, sitingangokumba maziko. Tilembe kalata ku komiti ya chipatala, ipite ku komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) ndi ku ofesi ya zaumoyo ku boma, atipatse pulani yovomerezeka. Ngati a khonsolo angathandize zipindazo ndi ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera (CDF), tisakane chifukwa cha mkwiyo, ndi ndalama zathu zomwe.

aPhiri, wapampando: Chabwino. Alembi, kalatayo ikhale itakonzeka pofika Lachinayi. NaBanda ndi amalume aMwale mukaonane ndi aGulupu Loweruka m'mawa. NaPhiri, chithunzi chija sichinafike, tumizaninso, amisiri akufuna kuona miyesoyo.