Ndigule zida za fly kapena za spinning zokawedzera m'madzi osaya a nyanja yamchere?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru. Ndimakhala ku Mzuzu, ndipo mu Januwale ndidzapita ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Ndikufuna kukawedza m'mbali mwa Indian Ocean, pamchenga pomwe madzi amalekeza m'mawondo ndipo msodzi amayamba waiona nsomba ndi maso asanaponye nyambo. Zida zimene ndili nazo ndi ndodo ya fly (yoponyera kanyambo kopepuka pogwiritsa ntchito kulemera kwa chingwe) ya 5 weight (nambalayi ikamakula, ndodo imakhala yamphamvu), yomwe ndimawedzera trout m'madamu a ku Chelinda pa Nyika, komanso reel (chokulungira chingwe) ya spinning (mtundu umene nyambo yolemera ndiyo imakoka chingwe poponya) yotsika mtengo yomwe ndimapita nayo ku Nkhata Bay.

Ndikudziwa kuti owedza bonefish amagwiritsa ntchito ndodo ya mafiti 9 ya 8 kapena 9 weight, ndipo ofuna giant trevally amafika pa 12 weight, choncho ndodo yanga ya ku Nyika sindikuidalira. Vuto ndi lakuti ndalama zanga zikukwana mtundu umodzi wokha wa zida. Mtima uli pa fly, chifukwa nyambo yopepuka ngati Crazy Charlie imagwera mwakachetechete ndipo sithawitsa nsomba m'madzi osaya, koma ndikuopa mphepo ya kaskazi imene imaomba miyezi imeneyo. Kodi munthu wozolowera kuponya padamu angathe kufikitsa nyambo pamphuno pa nsomba mphepo ikumuomba kumaso? Nanga reel yangayi ingapirire mchere?

Woyankha:
Bambo, ngati mungagule mtundu umodzi wokha, gulani spinning. Ndodo ya mafiti 7, reel ya saizi 3000 kapena 4000, chingwe cha braid cha mapaundi 15 kapena 20 ndi leader (kachingwe ka kumapeto komangapo nyambo) ya fluorocarbon zidzakutumikirani kunyanja yamchere, ndipo mukabwerako mudzapitiriza nazo ku Nkhata Bay. Kanyambo kolemera kotala ya aunsi kamapyoza mphepo imene ingakubwezereni chingwe cha fly kumaso.

Za fly mtengo wake suthera pa ndodo. Chingwe chanu cha ku Nyika chinapangidwira madzi ozizira, ndipo pa dzuwa la kugombe chimafewa, kumamatira m'zala n'kumakolana, motero mudzafunika china chopangidwira malo otentha. Mudzafunikanso reel ya drag (bureki ya chingwe) yotsekedwa bwino yokhala ndi backing (chingwe chowonjezera chokulungidwa pansi pa cha fly) ya mamita pafupifupi 200, popeza nsomba za m'malo osaya zilibe kuya kothawirako ndipo zikakodwa zimangothamangira kutali.

Reel yanuyo isiyeni ku Mzuzu. Mchere ukalowa m'mabeyaringi, chogwirira chimayamba kukhulana ndipo dzimbiri silichedwa. Ngakhale yatsopano muziitsuka madzulo alionse ndi madzi abwino, oyenda pang'onopang'ono kuti asakankhire mchere mkati.

Woyankha wina:
Ndiwonjezere zinthu ziwiri, achimwene. Popanda magalasi a polarised simudzaona kanthu koma kunyezimira kwa madzi, ndipo popanda nsapato zolimba matanthwe ndi minga za tinyama ta m'nyanja totchedwa urchin zidzakubwezani msanga. Musamalenso madzi: mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, kugombe limenelo amaphwa ndi kudzaza mopitirira mamita atatu, ndipo msodzi wa kunyanja yathu, kumene izi sizichitika, angapeze njira yobwerera itamira. Madera ena ndi otetezedwa, choncho mufunse za chilolezo musanaponye mbedza.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndigula spinning. Kodi nyambo ndi mbedza zosachita dzimbiri ndikagule ku Dar es Salaam komweko, kapena ndiitanitsiretu ndisananyamuke?