Mayi akufuna kukakhala ku Joni nthawi yaitali, tipemphe viza iti?

Moni abale nonse m'gulu muno. Ndikulemba kuchokera ku Salima, ndipo nkhaniyi yandiimitsa mutu.

Mayi anga anapuma pa ntchito ya unamwino. Mlongo wanga amakhala ku Johannesburg, ali ndi chilolezo chokhazikika, ndipo akufuna mayi akakhale naye chifukwa miyendo yayamba kuwavuta. Ndi pasipoti ya Malawi amangowapatsa masiku 30 pa Beitbridge. Sitikufuna apitirire masiku, chifukwa tikudziwa kuti akatero amaletsedwa kulowanso.

Tinafufuza za viza ya opuma pa ntchito. Imatha kufika zaka 4, koma imafuna umboni woti munthu amalandira R37,000 pamwezi. Penshoni ya mayi ndi ya makwacha, sikuyandikira n'komwe. Ina ndi viza ya abale, ya zaka 2, pomwe mlongo wanga ayenera kuonetsa R8,500 pamwezi yowasamalira. Iyi ikuoneka yotheka, koma kumangowonjezera nthawi ndi nthawi kukundidetsa nkhawa, mayi ndi achikulire.

Ndinapita ku Lilongwe kukafunsa, koma sindinamve bwinobwino. Munthu wina wothandiza za mapepala anafuna ndalama kaye asanafotokoze chilichonse, ndinamukana.

Amene munatengako makolo anu ku Joni, munagwiritsa ntchito viza iti? Ya abaleyi amaipempha ali kuno kumudzi, kapena angathe kuisintha ali komweko? Nanga kalata ya kupolisi ndi ya dokotala tikonzeretu liti kuti zisathe mphamvu tisanapereke? Chonde tithandizeni.