Kodi finite group ndi finite element ndi pachibale?

Wachaka4:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pulojekiti yanga ndi flange (chitsulo chozungulira cholumikizira mapaipi) ya paipi ya madzi, ya mabawuti 8. Ndaidula m'tizidutswa tambirimbiri mu ANSYS, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera kulimba kwa zinthu, koma laputopu ikungotentha, usiku wonse osamaliza. Aphunzitsi anangoyang'ana n'kundiuza kuti ndikawerenge group theory, masamu a magulu. Masamu amenewo akukhudzana bwanji ndi chitsulo? Kapena n'chifukwa chakuti konse kuli mawu oti "finite"?

MphunzitsiWaMasamu:
Mawuwo asakusokoneze, mwanawe. Finite group ndi gulu lokhala ndi mamembala owerengeka, maphunziro amene anakula kuchokera kwa Évariste Galois, yemwe anamwalira mu 1832 ali ndi zaka 20 zokha. Finite element ndi njira yodula chinthu m'tizidutswa, ndipo dzinalo analipereka Ray Clough mu 1960. Anabadwa kosiyana.

Koma amakumana. Tenga nati ya mbali 6. Ukaitembenuza madigiri 60 imaoneka chimodzimodzi. Matembenuzidwe otere alipo 6, kuphatikizapo kuisiya momwe ilili, ndipo palinso njira 6 zoigadabuzira: zonse 12. Limenelo ndi gulu. Flange yako ili ndi 16. Pulofesa Alphose Zingoni wa ku University of Cape Town, wochokera ku Zimbabwe, walemba zambiri pa kugwiritsa ntchito magulu otere powerengera kugwedera kwa zomangamanga. Umufufuze.

Injiniya_Joni:
Achimwene, dulani kagawo ka madigiri 45, bawuti imodzi, muike cyclic symmetry m'mbali ziwiri zodulidwazo, kutanthauza kuuza kompyuta kuti kagawoko kamabwerezedwa kuzungulira konse. Mukadulanso pakati pa bawutiyo mutsala ndi madigiri 22.5 basi. Koma chenjerani: si maonekedwe okha, katundunso, ndiye kuti mphamvu zokankha chitsulocho, ayenera kufanana kuzungulira konse. Mphamvu ya madzi m'kati imakankha mofanana, pamenepo palibe vuto. Paipi ikamapindikira mbali imodzi, kagawo kamodzi kakunamizani. Ine zinandionekera pa thanki: ndinawerengera kotala ya thankiyo, manambala okongola, osadziwa kuti chitsulo chopyapyala chimafwanyika mosatsata kufanana kuja. Mwayi wake mkulu wathu anagwira cholakwikacho tisanawotcherere.

WaMafupa:
Kwathu kuno mwayi umenewo kulibe. Fupa la ntchafu silifanana mbali iliyonse, ndiye timalijambula lonse kuchokera pa CT scan (zithunzi za m'kati mwa thupi), kachidutswa kalikonse n'kulimba kwake. Wofufuza wina, Brekelmans, ndi anzake anayamba kuyesa njira ya finite element pa fupali mu 1972. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi chitsulo choika m'chiuno. Titanium, chitsulo choikacho, ndi pafupifupi 110 GPa (muyezo wa kusapindika kwa chinthu), fupa lolimba silifika n'komwe 25. Chitsulo chikasenza katundu yense, fupa loyandikana nacho limayamba kutha, chifukwa fupa limalimba ndi ntchito. Wodwala amabwereranso patapita zaka, chitsulo chikugwedera. N'chifukwa chake timawerengera tisanaike.

Wachaka4:
Zikomo nonse. Ndadula madigiri 45, yamaliza madzi a tiyi asanawire. Koma Injiniya, paipi yangayi imalendewera mamita awiri isanafike pochirikiza. Ndiye kuti kulemera kwakeko ndikuwerengere padera pa theka la flange?